Fupa Likathyoka, Tipite kwa Yani?

Kuno kwathu ku Maravia mafupa amathyoka kawirikawiri. Mwana amagwa mu mtengo wa mango. Mnyamata amagwa pa ngolo ng'ombe zikadzidzimuka. Mayi amaterereka pa mwala kumtsinje, mtsuko uli pamutu. Masiku ano kwadzanso njinga zamoto, ndipo m'mene misewu yathu ilili tonse tikudziwa.

Ngozi ikagwa, pakhomo pamabuka mkangano. Ena amati, "Tiyeni naye ku chipatala." Ena amati, "Chipatala chili kutali. Kutsidya kwa mtsinje kuli agogo odziwa kulumikiza mafupa." Bambo wa mwana amanena zake, mayi amanenanso zake. Potsiriza onse amayang'ana atsibweni, pakuti mbumba ndi yawo. Nthawi yonseyi mwana ali gone pa mphasa, akulira.

Lero tiphunzira za funso limeneli. Sitinasonkhane kuti tinyoze asing'anga, pakuti ambiri a ife anatithandizapo. Tasonkhana kuti tidziwe malire. Munda uliwonse uli ndi malire ake, ndipo wolima kupyola malire amapalamula mlandu. Ntchito yochiritsa nayonso ili ndi malire. Sing'anga ali ndi ake, namwino ali ndi ake, ngakhale dokotala ali ndi ake.

Midzi iwiri

Tiyerekeze kuti m'mudzi wina wa ku Chipera mnyamata wa zaka 9 wagwa pa ngolo. Mkono wathyoka pamwamba pang'ono pa chigongono. Apita naye kwa sing'anga. Sing'angayo akoka mkono, atema mphini, apaka mankhwala. Kenaka aika timitengo ta nsungwi kuzungulira mkono wonse, namanga ndi luzi zolimba kwambiri kuti fupa lisagwedezeke.

Usiku mwana sagona. Zala zatupa ndipo zazizira. M'mamawa bambo wake abwerera kwa sing'anga.

"Agogo, mwana uja wachezera kulira. Akuti zala zachita dzanzi. Kodi sitingamasuleko pang'ono?"

"Ayi, mwananga, musamasule. Ndi mankhwala akugwira ntchito. Fupa likamalumikizana limawawa."

Bambo abwerera kunyumba, pakuti wamkulu wanena. Pa tsiku lachitatu mwana aleka kulira, ndipo apabanja aganiza kuti wayamba kupeza bwino. Koma zala zada bii, ndipo mkono wayamba kununkha. Pofika ku chipatala, palibenso chochita koma kudula mkono kuti mwana apulumuke.

Tsopano tiyerekeze mudzi wina, wa ku Malowera. Ngozi ndi yomweyo. Nawonso apita kwa sing'anga. Iye ayang'ana mkono, agwira zala, nafunsa mwana ngati akumva kukhudza. Kenaka aitana atsibweni.

"Bambo, ili si langa ayi. Fupa likathyokera pachigongono pa mwana, pamadutsa mtsempha wa magazi. Ine ndilibe makina oonera m'kati. Ndingomangako molekeza kuti lisagwedezeke panjira. Nyamukani lero lomwe, musadikire mawa."

"Koma agogo, ife timadalira inu."

"N'chifukwa chake ndikukuuzani zoona. Akachotsa chikhakha mubwere naye, ndidzamuthowa kuti mkono ufewe."

Asing'anga onse awiriwa amadziwa mitengo. Onse analandira nzeru kwa makolo awo. Wachiwiriyo amadziwanso pamene ntchito yake ithera.

Chinapha mkono n'chiyani?

Sichinali chiwanda, ndipo sanalodzedwe. Tiyeni tione m'mene thupi limagwirira ntchito.

Magazi amayenda m'mitsempha monga madzi ayenda m'ngalande ya kudimba. Tikatseka ngalande, mbewu za kumunsi zimafota. Fupa likathyoka, mnofu wozungulira umatupa, ndipo kutupako kumakula pa masiku awiri kapena atatu oyamba. Ngati tamanga zolimba kuzungulira mkono wonse, mnofu ulibe kofufumira. Tsono umafinya mitsempha, magazi amaleka kufika ku zala. Mnofu wosalandira magazi umayamba kufa pa maola ochepa chabe, mwina 6 kapena 8. Mnofu ukafa suukanso. Mwana uja analeka kulira chifukwa mitsempha yomvera ululu inali itafa.

Ngozi imeneyi si ya luzi lokha. Ngakhale chikhakha cha ku chipatala chingathine mkono ukatupa. Chotero aliyense wosamala wodwala adziwe zizindikiro. Ululu umakulirakulira m'malo mochepa. Tikaongola zala zake, wodwala amakuwa. Zala zimachita dzanzi, zimazizira, zimatuwa kapena kuda. Tingayesenso chikhadabo: tichisindikize mpaka chiyere, kenaka tichileke. Ngati magazi akuyenda bwino, chimafiiranso msanga, tisanawerenge kufika pa zitatu. Ngati chichedwa, timasule luzi nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Ngati ndi chikhakha, tibwerere nacho ku chipatala osazengereza.

Pali chinthu china chimene ambiri sitinamvepo. Fupa limadzilumikiza lokha. Si sing'anga amene amalilumikiza, si dokotalanso. Thupi limapanga fupa latsopano pamene pathyokapo. Ntchito ya wochiritsa ndi kuongola fupa kuti likhale m'malo mwake, ndi kuliteteza kuti lisagwedezeke kufikira litagwirana. Mkono wa mwana umagwirana pa masabata 4 mpaka 6. Wa munthu wamkulu umatenga masabata 6 kapena kupitirira. Fupa la ntchafu limafuna miyezi 3 kapena kuposa. Palibe muzu umene ungafupikitse nthawi imeneyi kukhala masiku 7.

N'chifukwa chake anthu ambiri amachiradi kwa sing'anga, ndipo sanama akamatero. Fupa likangong'aluka, kapena likathyoka koma osasuntha, limagwirana bwino malinga lisagwedezeke. Munthu akabinya phazi, kuthowa ndi kupumula kumathandiza. Vuto ndi lakuti ndi maso okha sitingathe kusiyanitsa fupa long'aluka ndi fupa losuntha. Makina ojambulira mafupa ndiwo amaonetsa. Fupa likagwirana lili lokhota, munthu amatsimphina moyo wake wonse, kapena amalephera kugwira khasu.

Mabala amene si a kumudzi

Fupa likaboola khungu, kapena pakakhala bala pamene pathyokapo, imeneyo ndi ntchito ya chipatala tsiku lomwelo. Tisalibwezere m'kati. Tisathirepo phulusa, dothi kapena ndowe. M'dothi ndi m'ndowe mumakhala tizilombo ta kafumbata, nthenda youmitsa nsagwada ndi thupi lonse. Tiphimbe bala ndi nsalu yoyera, tiike thabwa kapena nsungwi yokulunga m'nsalu, timange molekeza, tinyamuke. Ku chipatala amatsuka bala, amapereka mankhwala opha tizilombo ndi katemera wa kafumbata. Tizilombo tikalowa m'fupa, bala limatulutsa mafinya zaka ndi zaka.

Chimodzimodzinso fupa la ntchafu ndi la m'chiuno, pakuti pamenepo munthu amataya magazi ambiri m'kati, ife osaona. Chimodzimodzinso chigongono cha mwana, ndi munthu amene wamenyetsa mutu n'kukomoka kapena kusanza. Za khosi ndi msana tikamba patsogolo, pakuti zimenezo n'zazikulu.

Tikudziwa kuti kunena n'kosavuta. Kuchokera ku Chiputo kapena ku Chipera kukafika ku Fingoè ndi ulendo, makamaka nthawi ya dzinja mitsinje itadzaza. Mwinanso a ku Fingoè adzatitumiza ku chipatala chachikulu ku Tete. Ndalama ya galimoto imafunika, ndipo kumunda ntchito imaima. Sing'anga ali pafupi, amalandira nkhuku, amadikira mpaka tikolole. Zonsezi n'zoona. Koma tiwerengerenso mtengo wa mkono umene udzalima zaka 50.

Ndani analoledwa kuchita chiyani?

Boma limaika malire pa ntchito yochiritsa chifukwa wodwala sangathe kumuyesa wochiritsa. Pogula ng'ombe timaiona mano ndi miyendo. Koma munthu akatiuza kuti amadziwa kubaya jakisoni, tidziwa bwanji? Tidzadziwa mochedwa, mwendo utalemala. Chotero pafunika ena odziwa ntchitoyo kuti amuyese, amulembe m'kaundula, ndi kumuletsa akalakwa. Chiphaso ndi umboni wakuti zimenezi zinachitika.

Nkhani imeneyi ili ndi mbiri m'dziko lathu. Mozambique analandira ufulu pa 25 June 1975. Pa 24 July chaka chomwecho boma la Samora Machel linatenga zipatala zonse kukhala za boma, ndipo kuchiritsa anthu mwa malonda kunaletsedwa. Madokotala ambiri a Chipwitikizi anachoka, m'dziko lonse munatsala madokotala osakwana 100. Boma linayenera kuphunzitsa anthu ena kuti agwire mbali ya ntchito ya dokotala. Mu 1978 linayamba kuphunzitsa athandizi a zaumoyo a m'midzi, amene timawatcha ma APE. Mu 1984 linayamba kuphunzitsa anthu otchedwa técnico de cirurgia. Amenewa si madokotala, koma amaphunzira zaka zina 3 pamwamba pa maphunziro awo oyamba, ndipo amaloledwa kuchita opaleshoni, monga ya mayi amene walephera kubereka. Apa tikuona kuti malire sachokera ku dzina la munthu kapena malaya ake oyera. Amachokera ku zimene anaphunzira ndi kuyesedwa.

Nanga asing'anga? M'zaka zoyamba za ufulu boma silinawaone bwino. Ntchito yawo inkatchedwa ya mumdima, ndipo ambiri ankagwira mobisa. Komabe mu 1977 Unduna wa Zaumoyo unatsegula ofesi yofufuza za mitengo ya mankhwala. Kenaka inadza nkhondo. Zipatala zambiri za kumidzi zinatenthedwa kapena kutsekedwa. Anthu ambiri a chigawo chino cha Tete anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena ku msasa wa Ukwimi. Amene anatsala m'tchire analibe wina wowachiritsa koma sing'anga. Nkhondo inatha ndi pangano la pa 4 October 1992.

Pa nthawi imeneyo maganizo anali atayamba kusintha. Mu 1991 lamulo linalolanso zipatala za anthu wamba, malinga zikhale ndi chilolezo cha boma. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 asing'anga anapanga bungwe lawo lotchedwa AMETRAMO. Mu 2004 boma linavomereza ndondomeko ya mankhwala a makolo, yonena kuti asing'anga ndi achipatala azigwirizana. Mu 2010 Unduna unakhazikitsa nthambi yoona za ntchito imeneyi. Anansi athu anayenda njira yofanana. Ku Zimbabwe asing'anga anapanga bungwe la ZINATHA mu 1980, ndipo lamulo lowalemba m'kaundula linatuluka mu 1981. Tsiku la 31 August chaka chilichonse ndi lokumbukira mankhwala a makolo mu Africa.

Tsopano tiyeni tisiyanitse mapepala, pakuti apa ndi pamene ambiri timasokonezeka.

Dokotala amaphunzira zaka 6 ku yunivesite. Ku Tete komweko kuli sukulu ya udokotala ya UniZambeze. Akamaliza ayenera kulembedwa ku bungwe la madokotala, Ordem dos Médicos, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Anamwino nawo ali ndi bungwe lawo, la lamulo la 2016. Mabungwe amenewa angathe kulanga membala wolakwa, ngakhale kumuimitsa ntchito.

APE amasankhidwa ndi mudzi ndipo amaphunzira miyezi ingapo. Amayeza malungo ndi kupereka mankhwala ake. Amathandiza ana otsegula m'mimba ndi a chibayo. Amaphunzitsa za ukhondo. Koma saika chikhakha ndipo sang'amba munthu. Akaona zomuposa, amalemba kalata yotumiza wodwala ku chipatala. Tisamunyoze akatero. Ndiko kudziwa ntchito.

Khadi la AMETRAMO ndi la umembala. Limanena kuti mwini wake ndi wodziwika kwa asing'anga anzake, ndipo pali akuluakulu amene tingakadandaule kwa iwo. Zimenezi n'zabwino, ndipo sing'anga amene ali nalo aposa mlendo wongotulukira pa msika ndi chikwama. Koma khadilo silinena kuti mwini wake anaphunzira m'kati mwa thupi monga dokotala. Silimuloleza kubaya jakisoni, kung'amba munthu kapena kugulitsa mankhwala a chipatala. Sing'anga wobaya jakisoni walima m'munda wa eni.

Za jakisoni tinenepo pang'ono, pakuti ambiri timaikonda. Timati jakisoni ndiye mankhwala enieni, mapiritsi n'ngachabe. N'chifukwa chake m'midzi mumayenda anthu obaya jakisoni pa mtengo, opanda pepala lililonse. M'thako mumadutsa mtsempha waukulu wopita ku phazi. Singano ikaulasa, phazi limalendewera ndipo mwana amakoka mwendo. Singano imodzi yobayira anthu angapo imafalitsa HIV ndi nthenda ya chiwindi. Lezala la mphini nalonso chimodzimodzi. Wofuna kutemedwa mphini apite ndi lezala lake latsopano.

Kugwirizana kumene boma likufuna n'kotheka. M'maboma ena a chigawo cha Zambézia asing'anga anaphunzitsidwa zizindikiro za chifuwa chachikulu, malungo ndi HIV, napatsidwa makalata otumizira odwala ku chipatala. Popeza ena sadziwa kulemba, makalatawo anali ndi zithunzi. Sing'anga ankangochonga pa chithunzi cha munthu wotsokomola kapena woonda, wodwala n'kupita nayo kalata kwa namwino.

Msana

Ndani wa ife sanamvepo msana? Timalima chowerama, timasenza nkhuni, timanyamula matumba a chimanga ndi mabelo a fodya. Madzulo timauza mwana kuti atiponde pamsana, kapena timapita kwa wodziwa kutikita. Kuwawa kwa mtundu umenewu kawirikawiri kumatha pa masabata ochepa. Kuthowa, kutikita pang'ono ndi kuyendayenda kumathandiza koposa kungogona.

Koma msana si fupa limodzi. Ndi timafupa tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 m'chiuno, ndi tina togwirana kumunsi. Pakati pa timafupa timeneti pali mphako, ndipo m'mphakomo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku bongo. Ndiwo umalamula manja, miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo. Fupa limadzilumikiza, koma mtsempha umenewu ukaduka sulumikizikanso.

Kumaiko ena kuli anthu amene ntchito yawo yonse ndi kuongola msana ndi manja. Amatchedwa ma chiropractor. Abale athu ogwira ntchito ku Joni mwina anaonapo zikwangwani zawo. Mbiri yawo ikutiphunzitsa kanthu. Ntchitoyi anaiyamba munthu wina dzina lake D. D. Palmer mu 1895, mu mzinda wa Davenport ku America. Iye ankanena kuti pafupifupi matenda onse amachokera ku mafupa a msana amene asuntha. Mu 1906 anamutsekera m'ndende chifukwa chochiritsa anthu popanda chilolezo. Otsatira ake ambiri anamangidwanso. Patapita nthawi, zigawo za dziko la America zinaona kuti kumanga anthu sikuthetsa nkhani, pakuti odwala ankapitabe. Tsono zinayamba kuwapatsa ziphaso ndi kuwalembera malire. Chigawo cha Kansas chinayamba mu 1913. Chomaliza chinali Louisiana mu 1974. Ndiye kuti mkangano unatenga zaka 61.

Lero chigawo chilichonse kumeneko chili ndi bungwe lake lopereka ziphaso, ndipo malamulo amasiyanako pang'ono. Koma pafupifupi konse chiropractor saloledwa kuchita opaleshoni yaikulu kapena kulembera odwala mankhwala amene dokotala amalemba. Ku South Africa amaphunzira ku yunivesite ku Durban kapena ku Johannesburg, ndipo ayenera kulembedwa m'kaundula motsata lamulo la 1982. Wosalembedwa akagwira ntchitoyi wapalamula mlandu.

Nanga mawu aja a Palmer? Ofufuza anapeza kuti kuongola msana ndi manja kumathandiza anthu ena omva kuwawa m'chiuno. Koma sikuchiritsa malungo, chifuwa chachikulu kapena khunyu. Mu 2005 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linatulutsa malangizo a ntchitoyi. Malangizowo amanena za misana imene sayenera kuikankha konse: msana wothyoka, msana wa chotupa, ndi msana umene walowa tizilombo. Ngati munthu wophunzira zaka zambiri amaletsedwa kugwira misana yotere, nanga ife amene timaponda mnzathu ndi chidendene?

Msana wolowa tizilombo ulipo kuno kwathu. Chifuwa chachikulu sichigwira mapapo okha. Chimalowanso m'mafupa a msana n'kumawadya pang'onopang'ono monga chiswe chidya mzati. Kunja mzati umaoneka wabwino, m'kati muli mphako. Wodwala amamva msana masabata ndi miyezi, ngakhale usiku atagona. Amaonda, amatuluka thukuta usiku, thupi limatentha pang'ono. Mwina satsokomola n'komwe. Kenaka pamsana pamatuluka kalinunda. Miyendo imayamba kulemera. Munthu wotere tikamuponda kapena kumukoka kuti tiongole linundalo, fupa lofumbwa lija lingaphwanyike n'kufinya mtsempha waukulu. Munthu amene anabwera akuyenda sadzaimanso. Chonsecho nthendayi imachizika ndi mapiritsi. Amamwa miyezi yambiri, kawirikawiri kuposa 6 ya chifuwa cha m'mapapo, ndipo ku zipatala za boma mankhwala a chifuwa chachikulu ndi aulere.

Chotero msana ukabwera pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi, dzanzi m'miyendo, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, asaugwire wina aliyense kufikira achipatala ataupima.

Ndipo munthu akagwa pa denga, mu mtengo kapena pa njinga yamoto, n'kumadandaula khosi kapena msana, tisamudzutse. Tisamukhazike pansi kuti amwe madzi. Tisamukweze pa njinga atakhala tsonga. Tizule chitseko, tibwere nacho pafupi. Pafunika anthu anayi. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti khosi lisapotoke. Atatu anyamule thupi nthawi imodzi, lili loongoka ngati mtanda wa denga. Tiike nsalu zokulunga mbali zonse za mutu, timange thupi ku chitseko ndi nsalu. Anthu ena amapuwala chifukwa cha manja a abale owakonda, osati chifukwa cha ngoziyo.

Tiwerenge pepala

Kale munthu akatitulutsira pepala la chidindo, tinkangogwedeza mutu. Mwina linali khadi la chisankho, mwina lisiti la msonkho wa njinga. Tsopano tikuphunzira kuwerenga, ndipo pepala lililonse tingalifunse mafunso.

Mapepala a boma kuno amalembedwa m'Chipwitikizi. Mawu ena amabwera kawirikawiri. Nome ndi dzina. Número ndi nambala. Assinatura ndi saini. Válido até ndiko kuti pepalalo ligwira ntchito kufikira tsiku lakuti. Tiyang'ane dzina ngati ndi la munthu amene waima pamaso pathu. Tiyang'ane chithunzi. Tiyang'ane amene anapereka pepalalo, kaya ndi Unduna wa Zaumoyo, kaya ndi bungwe la asing'anga. Tiyang'ane chaka. Khadi lolembedwa Válido até 2019 linatha ntchito kale.

Kufunsa si chipongwe, malinga tifunse mwaulemu. Kwa mlendo wobwera ndi mankhwala tinganene kuti, "Pepani bambo, kodi amfumu akudziwa za kubwera kwanu? Tingaone nawo pepala lanu?" Kwa sing'anga wa kwathu tinganene kuti, "Agogo, kodi bala lotere munalichizapo? Likapanda kusintha pofika mawa, mutilola tipite ku chipatala?" Wodziwa ntchito yake sapsa mtima ndi mafunso otere. Amene akalipa, kapena kutiopseza kuti tikapita ku chipatala wodwala afa, ameneyo timuchenjerere.

Ku chipatala nakonso tinene zoona. Ngati tinayamba tapita kwa sing'anga, tiuze namwino zimene wodwala anamwa, zimene anapaka, ndi masiku amene wakhala ali chimangire. Ena amabisa poopa kukalipiridwa. Koma namwino akadziwa, amathandiza msanga.

Wina akavulazidwa ndi wochiritsa, nkhani isathere pa maliro kapena pa miseche ya kuchitsime. Tiyambe kwa amfumu ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Ngati wolakwa ndi sing'anga, tidziwitse akuluakulu a AMETRAMO. Ngati ndi wachipatala, kapena wobaya jakisoni mobisa, tipite ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Maravia ku Fingoè. Tilembe tsiku, dzina la munthuyo ndi zimene anachita. Kalata yolembedwa siiwalika monga mawu apakamwa.

Mafunso okambirana

1. M'nkhani ya ku Chipera, bambo wa mwana anaona zala zitatupa koma sanamasule luzi. Chinamuletsa n'chiyani? Ife tikanatani?

2. M'mudzi mwathu, ngozi ikagwa usiku atsibweni ali kutali, ndani angalamule kuti wodwala apite ku chipatala?

3. Kodi khadi la AMETRAMO likusiyana bwanji ndi chiphaso cha namwino?

4. Mnyamata anathyoka mkono pa 3 March. Namwino anati abwerenso patapita masabata 6. Kodi abwere pa tsiku liti?

Ntchito yolemba

Tilembe m'makope mwathu mawu awa: fupa, msana, malire, chiphaso, chikhakha. Kenaka awiriawiri tiyesane chikhadabo monga taphunzirira, tikuwerenga mokweza. Sabata yamawa aliyense abwere atalemba dzina la chipatala chimene chili pafupi ndi mudzi wake, maola a ulendo wapansi kukafika kumeneko, ndi mayina a anthu awiri a m'mudzi amene ali ndi ngolo kapena galimoto yonyamulira wodwala atagona pa chitseko.